Buku la ovulazidwa: momwe ntchito yochepetsa ndewu kwathu ikuyendera

Anzanga angapo a m'zipatala zing'onozing'ono akhala akundifunsa za buku limene timalembamo anthu obwera atavulazidwa ndi anzawo: tinaliyamba bwanji, latidyera ndalama zingati, nanga likuthandiza chiyani. Ndasonkhanitsa pano zimene ndakhala ndikulemba pamene ntchito ikuyenda. Chipatala chathu ndi cha boma, chili pa malo ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1, kudera la fodya. Dzina la malowo ndi mayina a anthu ndawasiya, chifukwa ambiri mwa iwo tikugwira nawo ntchito mpaka lero.

Epulo 2023: poyambira

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unatisiyira chizolowezi chimodzi chabwino. Wodwala aliyense tinkamufunsa mudzi wake, kumene amatunga madzi ndi kumene anadya, kenako alangizi a zaumoyo ankanyamula kolorini kupita pa chitsimecho. Tenti ya kolera itachotsedwa tinabwerera ku ntchito ya masiku onse, ndipo Loweruka usiku mzere wa osokedwa unali uli pomwepo: milomo yong'ambika, mitu yotemedwa, zala zothyoka. Amenewa sitinkawafunsa chitsime chawo. Tinkasoka, kubaya jakisoni wa kafumbata, kulemba m'kabuku kawo ka kuchipatala, basi azipita.

Njira imene tatengera inayambira mumzinda wa Cardiff ku Wales m'zaka za m'ma 1990, kwa Jonathan Shepherd, dokotala wa maopaleshoni a nkhope ndi nsagwada. Iye anaona kuti ambiri mwa anthu amene ankawasoka atamenyedwa sankapezeka m'mabuku a polisi. Choncho alembi olandira odwala anayamba kufunsa malo enieni, tsiku, nthawi ndi chida, ndipo zimenezi zinkaperekedwa kwa apolisi ndi khonsolo popanda dzina la munthu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011 anapeza kuti ogonekedwa chifukwa cha ziwawa ku Cardiff anatsika kuchoka pa 7 kufika pa 5 pamwezi pa anthu 100,000 alionse, pomwe m'mizinda ina yofanana nawo anakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8. Kumeneko kuli makamera m'misewu ndi mabasi a usiku, zimene ife tilibe, koma kufunsa malo ndi nthawi tingathe.

Ndinalemba kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu ndi kufotokozera komiti ya chipatala. Konseko funso loyamba linali limodzi: "Imeneyi si ntchito ya apolisi?" M'kalatamo ndinatchula kuti msonkhano waukulu wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, unagwirizana mu 1996 kuti ziwawa ndi vuto la zaumoyo. Kwa komiti ndinangowawerengera ulusi, magolovesi ndi mankhwala ochititsa dzanzi amene amatha kumapeto kwa sabata, n'kuwakumbutsa kuti ulusi womwewo ndi umene timafuna kwa amayi ochira. Anavomera.

Meyi 2023: fomu ndi chidindo

Zogula: mahadikava awiri K6,000, bokosi la mabolopeni K3,500, fotokope mapepala 200 pa K50 limodzi, K10,000. Ndalama inachokera m'thumba la komiti.

Fomu yoyamba inadzaza tsamba lonse, chifukwa aliyense amene anaiona ankawonjezerapo funso lake: sukulu, ntchito, mpingo. Masana inkadzazidwa bwinobwino. Usiku, pamene ovulala ambiri amabwera, namwino amakhala yekha, uku khutu lili kwa mayi amene matenda ayamba, uku akusoka munthu woledzera amene anzake akumupanikiza pa bedi. M'mawa mafomu a usiku ankapezeka oyera, ena atang'ambidwa kukulungira mapilitsi.

Tinachotsa zonse n'kusiya mafunso 6: tsiku ndi ola, malo, chida, wovulazayo ndi ndani wake, kaya mlendo, mnzake, wachibale kapena wapabanja, mwamuna kapena mkazi ndi msinkhu wongoyerekeza, wanena ku polisi kapena ayi. Tinakadulitsa chidindo ku boma pa K14,000, inki K2,500. Wothandiza m'chipatala amadinda masamba a hadikava asanaweruke, namwino amangochonga ndi kulemba mawu awiri atatu. Buku ndi bolopeni tinazimangirira ndi chingwe pa tebulo la m'chipinda chosokera, chifukwa zikasowa usiku palibe amene angasiye wodwala kukazifuna.

Juni 2023: "Ndagwa pa njinga"

Buku linayamba kudzaza, koma ndi nkhani zosagwirizana ndi mabala amene tikuona. Munthu wachekedwa patsaya mokhota, mmene limachekera botolo losweka, akuti wagwa pa njinga. Wina ali ndi bala lakuya kunja kwa mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, pamene munthu amatchingira chikwanje, akuti wadzitema akuwaza nkhuni.

Gwero lake tinalipeza pageti. Anthu kuno amakhulupirira kuti womenyedwa sathandizidwa popanda kalata ya ku polisi, ndipo alonda ena ankawabwezadi kuti akaitenge kaye. Ku polisi nako anthu safuna kupita. Wovulalayo kawirikawiri nayenso anaponyapo chibakera, kapena amene wamuvulaza ndi mlamu wake ndipo akufuna nkhani ikathere kwa ankhoswe kapena kwa amfumu. Njinga inali njira yolowera m'chipatala mwamtendere.

Tinakhala pansi ndi alonda onse, ndipo pageti tinakhoma chikalata cha zilembo zikuluzikulu: "Wovulala athandizidwa kaye. Za ku polisi zibwera pambuyo." Tinasinthanso nthawi yofunsira. Munthu magazi akutuluka safuna mafunso, ndiye timafunsa titamaliza kusoka, pomanga bandeji. Mawu amene tonse tinagwirizana ndi awa: "Achimwene, dzina lanu sindilemba m'buku ili, taonani nokha. Ndikungofuna malo pamene zachitikira, kuti mawa pasavulalenso wina." Kumuonetsa tsambalo kumagwira ntchito kuposa mawuwo. Bambo wina wachikulire anatenga bukulo, kuunika ndi tochi ya pafoni, kuyendetsa chala mzere ndi mzere kufuna dzina la munthu. Atalisowa anandibwezera n'kunena kuti, "Adokotala, njinga ilibe mlandu. Lembani kuseri kwa chigayo."

Pa milandu imene lamulo limatikakamiza kunena, monga mwana wochitidwa nkhanza, timamuuza munthu poyera kuti izi sizibisika. Zimenezo zimayenda njira yake, sizidutsa m'buku lino.

Julayi 2023: mapu

Pa funso la malo, mizere yambiri inangoti "pamsika" kapena "pa siteji". Msika wathu ndi waukulu, masiteji alipo angapo, ndipo sungapite kwa a gulupu kukanena kuti vuto lili pamsika. Anamwino ambiri si a kuno, tinjira satidziwa. Mapu a pa intaneti amaonetsa M1 ndi madenga, alibe mayina amene anthu amatchula pakamwa.

Anatithandiza ndi anyamata a kabaza. Ndi iwo amene amabweretsa ovulala usiku, ndipo palibe khwalala limene salidziwa. Tinaitana atsogoleri awo Lachiwiri masana, nthawi imene makasitomala amachepa, n'kuyala mapepala a filipi tchati pakhonde. Anayamba ndi msewu, mlatho ndi chigayo, kenako anakangana kwa nthawi yaitali za pamene mzere wa okazinga tchipisi umathera ndi pamene a kanyenya amayambira. Mmodzi ankajambula, wina n'kumulanda maka kuti, "Aise, apa pali mpanda wa malata, munthu sadutsa." Mkangano umenewo ndi umene unatipatsa malire olondola. Dera lonse analigawa m'zigawo 14, chilichonse ndi nambala komanso dzina limene anthu amachitchula. Tsopano namwino amangoti, "Lozani pamene munali," n'kulemba nambala.

Mtengo: filipi tchati K7,000, mamaka K4,000, pulasitiki wokutira mabuku K2,000, mapini a mitu yamitundumitundu K3,000, nkhomaliro ya anyamata K18,000.

Mapu amodzi sanakwanire. Mapini osonyeza pamene munthu wavulazidwira atayamba kubayidwa pa mapu a m'chipinda chosokera, operekeza odwala anayamba kuwawerenga, ndipo pasanathe sabata mwini botolo sitolo wina anali atamva kuti chipatala chabaya malo ake. Tinajambula ena. A m'chipinda chosokera alibe pini ngakhale imodzi. A mapini amakhala mu ofesi yokiya.

Sepitembala 2023: zimene mapini anaonetsa

Mapini anaunjikana malo atatu: khwalala lamdima kuseri kwa mzere wa mabotolo sitolo, siteji ya kabaza ya kumpoto, ndi khonde limene pali tebulo la pulu. Nthawi yake ndi madzulo a tsiku la msika, komanso Lachisanu ndi Loweruka kuyambira cha m'ma 10 usiku. Masabata amene ndalama za fodya zinalowa, masamba ankatha msanga. Anthu kuno akamakamba za ndewu amatchula zikwanje ndi mipeni, koma m'buku chida chotsogola ndi botolo, chotsatira njerwa. Ambiri anayankha kuti ku polisi sananene.

Rodrigo Guerrero, dokotala wa za miliri amene anakhala meya wa Cali ku Colombia mu 1992, anapeza zonga zomwezi atayamba kuwerenga ophedwa mumzinda wake: ankachuluka kumapeto kwa sabata, makamaka anthu akalandira malipiro, ndipo mowa unali pakati. Iye anachepetsa maola ogulitsira mowa ndi kuletsa kuyenda ndi mfuti pa masiku oterowo. Ife mphamvu yolamula tilibe. Chimene tikanatha ndi kuitanitsa anthu.

Okutobala 2023: msonkhano woyamba

Tinaitana a gulupu, mkulu wa apolisi a pa yuniti, wapampando wa msika, a neba olondera m'dera usiku, a kabaza, abusa, shehe ndi eni malo omwera mowa. Zakumwa ndi mabanzi K32,000.

Eni malo omwera sanabwere, chifukwa mphekesera inali itafala kuti chipatala chikufuna kuwatsekera bizinesi. Anthu ena atamva kuti kulibe alawansi anasaina n'kutuluka. Amene anatsala anamvetsera bwino mpaka mkulu wa apolisi anati, "Adokotala, mapini sitingawamange. Tipatseni mayina." Ndinamuyankha kuti, "Bwana, tsiku limene dzina limodzi lidzatuluke m'buku ili, onse adzabwerera ku njinga." Sindimuimba mlandu pa pempho lake. Ali ndi anthu ochepa, alibe galimoto, ndipo akuluakulu ake amamufunsa za anthu omangidwa. Chimene ife tingamupatse ndi pamene angaike anthu akewo, tsiku liti, ola lanji. Anasintha maganizo atayerekeza pepala lathu ndi buku lawo la milandu n'kuona kuti khwalala la kuseri lija, lodzaza mapini kwa ife, kwa iwo silitchulidwa kwenikweni.

Pamenepo tinakhazikitsa lamulo limene ndikupempha aliyense woyamba ntchito yotere asaliphwanye. Buku silituluka m'chipatala. Chimatuluka ndi pepala limodzi pamwezi, ndipo chigawo chimene chili ndi ovulala ochepera atatu sitichionetsa. M'dera laling'ono, kulemba kuti "mkazi wa zaka za m'ma 30, chigawo 9, Lachitatu" ndi kutchula dzina.

Eni malo omwera tinawapeza kudzera mwa a gulupu, m'mawa, pa malo awo omwe, opanda wapolisi. Mayi wina amene wagulitsa mowa kwa zaka zambiri anati, "Inu mukuyesa ife ndewu timaifuna? Ikabuka makasitomala amathawa osalipira, ndipo botolo likasweka timalipira ife." Mabotolo opanda kanthu amabwezedwa pokaoda, ndiye lililonse losweka ndi ndalama yawo. Kuyambira pamenepo tinayamba kulankhula nawo za mabotolo, osati za uchidakwa.

Novembala 2023: kwacha

Tinagwirizana kugula nyali zitatu za sola, imodzi pa malo alionse a mapini. Ku Lilongwe anatiuza K95,000 imodzi. Eni malo omwera, komiti ya msika ndi a kabaza anayamba kusonkha. Ndalama isanakwane, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo nyali yomwe ija inafika K150,000. Tinagula imodzi n'kusankha khwalala. Paipi yachitsulo K45,000, simenti thumba limodzi K19,000, wowotcherera K20,000, mayendedwe K12,000. Mukasonkhetsa ndalama m'dziko muno, gulani chinthu pomwe ndalama ya chimodzi yakwana, osadikira ya zonse.

Januwale 2024: nyali, mabotolo, nthawi yotsekera

Nyali inkazima cha m'ma 12 usiku, nthawi yeniyeni imene timaifuna. Mitambo ya dzinja inali chifukwa china, koma chachikulu inali nthambi ya mango imene inkaphimba panelo kuyambira masana. Mwini mtengo analola kuti tiisadze. Tinasinthanso pa rimoti kuti nyali iziwala pang'ono n'kumawala kwambiri pakadutsa munthu, ndipo batire linayamba kufika mbandakucha. Wina anayesa kumasula mabawuti usiku. Wowotcherera anabwera kudzawawotcherera kotheratu, kwaulere, poti naye ndi wa m'dera lomweli.

Titaima m'khwalalamo usiku ndi a neba ndi pamene tinamvetsa chimene chimakokera anthu kumeneko. Mzere wonse wa mabotolo sitolo unalibe pokodzera. Munthu amatuluka yekha, botolo m'manja, kupita kumdima kukataya madzi, n'kukumana ndi amene anayambana naye mkati kapena ofuna kumulanda foni. Eni malowo anasonkherana malata akale n'kumanga pokodzera pambali pa khonde, poonekera. Ndikuona kuti kachimbudzi kameneka kachita zambiri kuposa nyali, ndipo sikanadye ndalama ya komiti.

Ku Britain Shepherd analimbikira kuti malo omwera azigwiritsa ntchito matambula a galasi lolimba kapena a pulasitiki. Ife tinayesa makapu a pulasitiki ikakwana 9 koloko usiku, a K15,000. Omwa anakana, amvekere, "Mukutiyesa ana a sukulu?" Tinagwirizana zina: mnyamata azitolera mabotolo opanda kanthu nthawi yomweyo n'kuwaika m'kireti kuseri kwa kauntala, ndipo botolo lisatsike pakhonde. Izi zagwira, chifukwa mwini malo amapindula nazo.

Nthawi yotsekera ndiye yakanika. Anagwirizana 12 koloko, ndipo kwa masabata ochepa zinayenda. Kenako omwa anasamukira m'mashabini a m'makomo ndi kwa ophika kachasu, mapini n'kuyamba kuonekera m'zigawo zimene zinali zoyera. Timabotolo ta pulasitiki ta mowa waukali, timene tinalowa m'malo mwa masacheti ataletsedwa, timapezeka ngakhale m'maokala. Mwini sitolo mmodzi ataona kuti makasitomala akupita kwina anayamba kutseka mochedwa, ena onse n'kutsatira. Amene anali ku Joni nthawi ya Covid amakumbukira kuti boma litaletsa kugulitsa mowa, chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinalengeza kuti pa 1 Januwale 2021 chipinda chake cha ovulala kwambiri chinali chopanda wodwala, koyamba m'mbiri yake. Limenelo linali lamulo la dziko lonse. Mzere umodzi wa masitolo sungasenze wokha, ndipo nkhaniyi taitumiza ku khonsolo, imene imapereka ziphaso za mowa.

Malichi 2024: chimanga cha m'munda

Mvula inadula, ndipo mwezi womwewu boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. M'buku munalowa mtundu wina wa mabala: mikwingwirima ya ndodo pamsana, nthiti zothyoka, zipsera za chingwe m'manja. Awa ndi ogwidwa akuba chimanga chachiwisi, ambiri anyamata ang'onoang'ono, obwera m'mawa atawakweza pa ngolo. Chidindo chathu chinalibe malo a munthu womenyedwa ndi gulu, ndiye tinawonjezera ndi bolopeni mawu akuti "gulu" pa mzere wa wovulaza.

Zinali zowawa kuona kuti ena mwa omenyawo ndi a neba omwe timakhala nawo pa msonkhano. Anafotokoza mosabisa: akagwira munthu pakati pa usiku, ku polisi ndi kutali, khamu lafika kale, ndipo iwo akapanda kumenya anthu amati agwirizana ndi wakubayo. Tinagula mawezulo ndi matochi a K40,000, koma chimene chinathandiza ndi mgwirizano ndi a kabaza awiri ogona pafupi, kuti akaimbidwa foni azinyamula wogwidwayo ndi wa neba mmodzi kupita nawo ku yuniti khamu lisanakule. Komiti ya msika imalipira ulendowo. A gulupu analengeza pa maliro ndi pa bwalo kuti wotengera lamulo m'manja mwake adzayankha yekha. Sizinatheretu. Mnyamata mmodzi tinamutumiza ku chipatala cha boma ali chikomokere.

Meyi 2024: amayi sakupezeka m'buku

Buku litakwanitsa chaka ndinaliwerenga lonse, ndipo amayi anali ochepa modabwitsa. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Dera lathu silingakhale losiyana ndi dziko lonse. Bukuli linkagwira ndewu za pakhonde la botolo sitolo, za m'nyumba zinkalidutsa.

Anamwino anandiuza chimene amaona. Mayi amabwera ndi diso lotupa, mwamuna ali pambali atanyamula kabuku kake. Ukafunsa mayi, amayankha bambo: "Wagwa pa mjigo, anesi." Mayiyo maso ali pansi, akukonza chitenje. Ndipo chipinda chosokera chinali ndi katani yokha, mawu onse ankamveka pa benchi ya panja.

Tinaika chitseko, K38,000, ndi loko, K9,000. Tinakhazikitsa lamulo lakuti wamkulu aliyense amasokedwa ali yekha, mwamuna kaya mkazi, kuti wotulutsidwayo asaone ngati akumuganizira iyeyo. Timangoti, "Bambo, tidikireni pa benchipo, ndi mmene timachitira ndi aliyense." Anamwino a sikelo ya amayi oyembekezera nawo anayamba kufunsa mofatsa mayi akakhala yekha, chifukwa ambiri omenyedwa kunyumba safika n'komwe ku chipinda chosokera.

Nkhani zimenezi sizibayidwa pini. Pini ya pakhomo la munthu ingamuphetse. Zili ndi buku lake lokiyidwa, ndipo ku msonkhano timangonena chiwerengero cha dera lonse. Tisanayambe kufunsa tinaonetsetsa kuti tili ndi kowatumiza: ofesi ya polisi yothandiza ochitidwa nkhanza, malo a Chikwanekwane ku chipatala chachikulu, kumene ochitidwa nkhanza amalandira thandizo losiyanasiyana pamalo amodzi, nambala zaulere 5600 ndi 116 ya ana, komanso mankhwala oteteza ku HIV amene wogwiriridwa ayenera kuyamba pasanathe maola 72. Timawafotokozeranso kuti lamulo la 2006 loteteza ku nkhanza za m'banja limalola khoti kuletsa wankhanzayo kuwayandikira. Nambala sitilemba pa pepala loti mwamuna akalipeze. Timaibwereza pakamwa mpaka mayi aigwire. Kufunsa mayi za nkhanza ulibe chomuchitira ndi kumuvulaza kachiwiri, ndipo amene alibe kowatumiza ndi bwino ayambe wakonza zimenezo.

Chotchinga chachikulu ndi thiransipoti yopitira ku boma. Komiti inapatula kathumba ka mayendedwe, kamene kamatha mwezi usanathe. Ndipo zonsezi ndi kuthandiza amene wavulala kale. Kuti nkhanza za m'nyumba zichepe pamafunika ntchito yonga ya SASA!, imene bungwe la Raising Voices linayambitsa ku Kampala, pomwe anthu a m'dera lomwelo, amuna ndi akazi, amakambirana ndi anzawo kwa zaka za mphamvu m'banja. Imeneyo chipatala sichingaichite chokha. Talankhula ndi a zachisamaliro cha anthu ndi magulu a amayi a m'mipingo, ndipo zokambirana zikadali koyambirira.

Ogasiti 2024: foni

Tinayesa kusamutsira mafunso pa foni, pa pulogalamu yaulere ya KoboCollect, pogwiritsa ntchito foni yobwereka. Magetsi akazima batire linkatha, munthu wovala magolovesi a magazi sangagwire foni, ndipo odwala ankaganiza kuti tikuwajambula. Tinabwerera ku hadikava. Mlembi wa ziwerengero amalowetsa zonse mu kompyuta kumapeto kwa mwezi, ndipo zikutikwanira.

Novembala 2024: mafuta

Petulo atasowa m'dziko muno, mapini anatulukira pa malo atsopano: pamene anyamata amagulitsa mafuta a m'zigubu, ndi pa mzere wa pa filing'i siteshoni. Ambiri ovulala anali a kabaza okhaokha, kulimbirana malo ndi kuganizirana kuti mafuta asakanizidwa. Pepala la mwezi litafika kwa atsogoleri awo, anakonza okha kuti njinga zamoto zikhale ndi mzere wake ndi manambala olembedwa ndi choko pa thanki. Apa sitinawononge ndalama. Ndi koyamba kuti anthu atenge pepala lathu n'kuchitapo kanthu tisanawapemphe.

Januwale 2025: pamene tafika

Zonse zimene ndatchula zatidyera K450,000, kupatula kathumba ka mayendedwe ndi maulendo a kabaza a usiku. Zoposa theka zinapita ku nyali imodzi. Misonkhano tsopano ndi ya ola limodzi, yopanda zakumwa, ndipo amabwera ndi okhawo amene nkhaniyi ikuwakhudza.

Khwalala la kuseri lili ndi mapini ochepa kwambiri poyerekeza ndi poyamba. Pakhonde la pulu sipanasinthe, chifukwa ndewu zake zimachokera ku kubetcha, ndipo mwini tebulo sabwera ku msonkhano. Siteji ya kumpoto ikudikira nyali. Ngati ovulazidwa onse m'dera achepa, buku silinganene panopa: miyezi yoyamba anthu ankabisa, ndiye atayamba kunena zoona chiwerengero chinakwera. Tidzayerekeza nyengo ya fodya ya 2025 ndi ya 2024, poti zonsezo zalembedwa mofanana.

Anamwino awiri amene anayamba nafe anasamutsidwa, ndipo masamba a Disembala ali ndi mipata yambiri pa funso la malo. Aliyense wobwera kumene tsopano timamuyendetsa pamsika ndi mnyamata wa kabaza, mapu ali m'manja, asanayambe kugona pa ntchito. Vuto lina ndi lakuti ovulala a kumwera kwa dera lathu amapita ku chipatala cha mishoni, ndiye zigawo 11 mpaka 14 zimaoneka zoyera pomwe mwina sizili choncho. Tadulitsa chidindo chachiwiri ndi kujambula mapu ena, ndipo akuluakulu a kumeneko alonjeza kutiyankha msika wa fodya usanatsegulidwe mu Epulo.